Phale la ku Atene

Gulobu ya pasukulu pathu inagwa pa kabati tisanabwere ife,
ndipo ili ndi chiboo pakati pa nyanja ya Pasifiki.
A Mdoka amati tisadandaule, kumeneko sikubwera pa mayeso.
Amaizunguza ndi chala chotuwa ndi choko
ngati wakabaza woyesa tayala lopindika,
n'kuiimitsa mwadzidzidzi: Asiyatu, apa ndi pati?
Ndimayankha. Ndikuidziwa Canada ndi tirigu wake,
ndikuidziwa mitsinje youndana mpaka galimoto kuyendapo,
ine amene madzi oundana ndimawadziwira mu fulizesi wa pa geti.

Mangochi pa gulobupo palibe.
Ndinakafufuza ndekha nthawi ya buleki.
Malawi yense ndi kachipsera
kobisika pansi pa chikhadabo changa chakumapeto.

Piriyodi yachisanu, malata akulira ndi dzuwa la Okutobala,
Madamu Chikwakwa analowa ndi Agiriki awo.
Ku Sipata, akuti, mwana wamwamuna akafika zaka zisanu ndi ziwiri
ankamulanda kwa mayi ake
kuti akagone pa bango, akaphunzire kusalira.
Twaibu kumbuyoko anati, ndiye ku ndagala kumeneko, madamu!
Kalasi lonse linaphulika.
Madamu anatembenukira ku bolodi, mapewa akugwedezeka.

Ku Atene ankasonkhana pa phiri n'kumakweza manja,
onse ofanana, akuti,
kupatula akazi, akapolo ndi obwera.
Lukia anawerenga mitu n'kundinong'oneza:
muno tikadatsala panja tonse a mizere itatuyi,
ndi madamu omwe, poti kwawo n'ku Ntcheu.

Kenaka anatiuza za phale.
Kamodzi pa chaka, munthu aliyense ankatola chibenthu cha mbiya yosweka
n'kukandapo dzina la yemwe sakumufuna mumzinda.
Mapale akachuluka pa dzina limodzi,
mwini dzinalo ankamanga katundu.
Osamumenya, osamulanda munda.
Zaka khumi kunja, basi, kenaka abwerere.
Ena ankakopera manotsi.
Ine bolopeni inaima.

Bambo anga anakwera basi ya ku Joni ndili Sitandade 2.
Anandigulira mandasi awiri pa depoti,
anati akubwera Eidi ikubwerayi.
Kunabwera bulangete, kunabwera foni yong'aluka galasi,
kunabwera mawu a masekondi makumi anayi
omwe amayi amawamvetsera akamachapa,
foni ili m'kapu kuti imveke bwino.
Eidi zabwera zambiri.

Ndani anakanda dzina lawo?
Kwathu ku Chimwala sikunachitike msonkhano,
palibe anakweza dzanja.
Mwina chambo chitayamba kusowa mu ukonde,
mwina ngongole ya injini ija,
mwina nyumba ya malata ya a Lajabu yoyang'anana ndi yathu,
aliyense anaponya phale lake mwakachetechete.

Tsiku lina ndinabwereka atilasi ya a Mdoka
ndi kaulusi komwe amatiyezetsa nako mitsinje.
Kuchokera pomwe Shire amatulukira mpaka ku Joni
ulusi sunakwane ngakhale chikhatho.
Ndinauika pa sikelo, ndinachulukitsa monga anatiphunzitsira,
ndinapeza yankho lolondola.
A Mdoka anachonga ndi yofiira.
Sikelo imeneyi siyeza zaka.

Madzulo amenewo amayi anandituma kukazinga mtedza wogulitsa mawa.
Nditamaliza ndinadikira phale lizizire,
ndinalitembenuza, ndinapukuta mwaye ndi nsonga ya chitenje.
Panalibe chilembo.
Amayi anafunsa chomwe ndikufuna pamenepo,
ndinati homuweki.

Pa mayeso a temu funso linabwera:
fotokozani chilango cha phale, malikisi anayi.
Ndinapeza onse anayi.
M'mphepete mwa pepala, ndi pensulo, ndinachita samu ina:
Sitandade 2 mpaka Fomu 2, zaka zisanu ndi zitatu.
Likadakhala lamulo la ku Atene
kukadatsala ziwiri.
Ndinafufuta madamu asanatolere.